Foni ya pa Chimbowera

Pa doko la Kachulu nkhani imafika kumtunda boti lisanakocheze. M'mawa umenewo, m'nyengo yozizira ya chaka cha 1999, Falida atangotula mtanga wake wa mpunga, anaona kuti amayi ogulitsa matemba akumuyang'ana cham'mbali, kenaka n'kumayang'anana okhaokha. Palibe amene anamuuza kanthu. Amene anabwera kudzaboola chithupsacho anali Pearson.

Pearson ameneyu ndiye anali mwini kanyumba ka kanema pa dokopo. Anali atafunsirapo Falida n'kukanidwa, ngakhale analonjeza kuti chifukwa cha iye akhoza kulowa Chisilamu mawa lomwe. Pa lamba wake pankalendewera foni ya m'manja yaikulu ngati njerwa. Pa Kachulu panalibe munthu amene anaimvapo ikulira, koma mwini wake ankaipukuta ndi mpango ngati mphuno ya mwana.

"Abiti, mwadzuka bwanji? Mpunga wa lero ukununkhira bwanji! Kapena akununkhira ndi eni ake?"

"Ngati mukugula, gulani, a Pearson. Fungo sindigulitsa."

"Ine ndigula, musadandaule. Koma anzathu ena ayamba kugula za m'tauni." Analoza kunyanja ndi milomo. "Taonani katundu amene watenga Nasiru wanu lero."

Falida anatembenuka. Boti la injini la Nasiru, limene masiku onse limabwera litadzaza anthu a ku chilumba cha Chisi ndi matumba awo, linali kubwera ndi munthu mmodzi yekha. Anali mkazi wa thalauzi, wa tsitsi lowotcha, atakumbatira chikwama pachifuwa.

"Si koyamba ayi," anatero Pearson. "Dzana anapita naye mpaka ku chimbowera. Anthu awaona ataimirira awiriwiri, manja ali m'mwamba. Kaya ndi pemphero la mpingo uti."

Mawu akuti chimbowera ndi amene anamulasa Falida. Zimbowera ndi timisasa timene asodzi a pa Chilwa amamanga pa mabango oyandama, kutali pakati pa nyanja, n'kumakhala komweko miyezi. Mkazi akapita kumeneko ndi mwamuna amene si wake, palibe amene amafunsa chimene wapitira.

Boti litakocheza, Nasiru anagwira mkaziyo dzanja kuti atsike. Pokweza maso anaona Falida, ndipo anamwetulira ngati munthu wosalakwa kanthu.

"Falida! Dikira pang'ono!"

Falida anasenza mtanga wake wosagulitsako ngakhale mbale imodzi, nauyamba ulendo wobwerera ku Likangala osacheuka.

* * *

Chikondi cha awiriwa chinali kale pa minga. Amene ankaletsa ukwati anali Che Ayuba, mjomba wa Falida, mlongo wa mayi ake, amene mawu awo ndiwo anali omaliza pa za ana a m'banjamo.

Che Ayuba sankadana ndi Nasiru. Mnyamatayo anali Msilamu mnzawo, waulemu, wosadziwa khomo la bala. Vuto linali nyanja. Nyengo ya nsomba ikafika, Nasiru ankasiya zonyamula anthu n'kukakhala ku chimbowera.

Ndipo banjali chimbowera linali nacho chilonda. Chaka chimene madzi anabwerera m'nyanjamo itaphwa, bambo a Falida anamwalira mwadzidzidzi m'mamawa. Mwa mwambo wa Chisilamu, dzuwa lisanalowe anali ataikidwa kale. Mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, Mussa, anali ku chimbowera. Anatuma bwato, koma linasochera m'mabango. Mussa anatulukira sadaka itadyedwa kale, akuimba mluzu, atanyamula nsomba zouma za makumba zimene anasankhira bambo ake. Kuchokera tsiku limenelo sanakhalenso Mussa yemwe uja. Anapita ku Joni, ndipo kunyumba sanabwerenso.

"Mwamuna wosaitanika pakhomo pano ayi," Che Ayuba anauza a kwawo kwa Nasiru. "Mwanayu akadzadwala, tidzaitana bango?"

Madzulo a tsiku la mkazi wa thalauzi lija, nkhani inali itawapeza kale Che Ayuba ali pa khonde.

"Ndamva," anatero osamuyang'ana Falida. "Ndinkati vuto lake n'limodzi, kani alipo awiri. Lachisanu tikatuluka ku mzikiti, ndituma mawu kwawo kuti asadzapondenso pano."

"Amjomba, mwina tikanayamba tamva mbali yake."

"Iwe unamufunsa?"

Falida anangowerama.

* * *

Kutacha, ali kuyanika mpunga pafupi ndi ngalande ya sikimu ya mpunga, anamva njinga ikulira ngati mbuzi yomangidwa. Anali Nasiru, ndipo kumbuyo kwake kunali mkazi yemwe uja. Falida anaona kuti njingayo si ya Nasiru. Yake inali yatsopano, yakuda, ya belu lomveka patali.

"Mwabwera naye kuti ndimuone bwino?" anafunsa, manja ali m'chiuno.

Mkaziyo anatsika akudzisisita msana. "Asisi, musandiphe ndisanalankhule. Ine ndine Dailesi. Mwamuna ndili naye, ndi msilikali ku Zomba, ndipo akamva zimene zikukambidwa pa doko paja, achimwene anuwa athawira ku Mozambiki. Chinanso, fungo la matemba limandizunguza mutu. Ndasanza m'boti muja mpaka kulapa."

Anatsegula chikwama chake n'kutulutsa mafoni awiri. Anati amagwira ntchito pa sitolo ina ku Zomba yogulitsa mafoni a makampani onse awiri, yakale ndi imene yangobwera kumene chaka chomwecho.

Falida anayang'ana mafoniwo, nayang'ana Nasiru.

"Amjomba anati safuna mwamuna wosaitanika," anatero Nasiru motsitsa mawu. "Ndiye ine ndinati ndikhale woitanika."

"Muwauze zonse," anatero Dailesi. "Muwauze za injini."

Nasiru anakanda m'mutu. "Pearson anamva kuti ndikufunsa za mafoni. Anati andipatsa yake ija, ine ndimupatse injini ya boti. Ndinatsala pang'ono kuimasula."

"Injini?" Falida anagwira pakamwa. "Ndiye tikanadya chiyani? Foniyo?"

Anazindikira mochedwa kuti wanena kuti "tikanadya". Nasiru anamva, ndipo nkhope yake inayamba kumasuka.

"Mwayi wake anabwera kusitolo kudzafunsa ngati mtengo wake ukufanana," anatero Dailesi. "Ine ndinangowafunsa kuti, foni imeneyo munaimvapo ikulira? Asisi, foni si mpeni woti umadula paliponse. Imafuna netiweki, ndipo netiweki imachokera pa mlongoti wa ku phiri la Zomba. Ya a Pearson ija ukangodutsa pa Ndege kubwera kuno, yafa. Pa Kachulu ndi chokongoletsera lamba basi."

Anakhala pansi pa mkeka, naika mafoniwo pa mpunga, uyu uku, uyu uku.

"Iyi ndi ya kampani yakale. M'tauni mawu ake amamveka ngati wailesi. Koma imabwera ndi bilu mwezi ndi mwezi, uimbe usaimbe, ndipo amafuna kalata ya kuntchito ndi adiresi ya ku positi."

"Adiresi ya awa ndi bango," anatero Falida.

"Eyatu. Iyi ndi ya kampani yatsopano. Umagula khadi, n'kukanda, n'kulowetsa mayunitsi. Akatha, atha, palibe wokulondola. Ndipo munthu akakuimbira, iwe sulipira. Kuipa kwake, khadi likakhalitsa osawonjezera limafa, ndiye pamafunika kukumbukira. Koma zonsezi n'zachabe ngati siigwira kumene munthu amagona. Achimwenewa anakana kugula asanayese, bwana wanga nayenso anakana kuti katundu wake apite yekha pamadzi. Ndiye anatuma ine."

"Pa doko zonse zinali zii," anatero Nasiru, tsopano mawu akuthamanga. "Kuseri kwa Chisi, zii. Koma ku chimbowera kwathu, Falida, kumene phiri la Zomba limaoneka lonse popanda mtengo wotchinga, ukaikweza m'mwamba chonchi, yatsopanoyi imatulutsa timizere. Tinaimbira kusitolo, anayankha!"

"Ndiye manja m'mwamba aja?"

"Ndi amenewo."

"Nanga njinga yanu ili kuti?"

"Kusitolo. Pamodzi ndi wailesi ya makaseti ija. Mabwana akafuna foni yaing'ono amasiya zakale zawo pomwepo n'kuwonjezera. Bwana wa a Dailesi anavomera kundisinthira imodzi mwa zosiyidwazo ndi njinga ndi wailesi. Injini ili pamalo pake."

Falida anamva ngati wina wamutula mtolo wa nkhuni umene anausenza kuyambira dzulo. Koma mkwiyo unali usanathe wonse.

"Bwanji osandiuza?"

"Ndimafuna ndikudzidzimutse."

"Mwadzidzimutsa doko lonse! Inu munabadwira pa nyanja pano, Che Nasiru. Simudziwa chimene anthu amanena mkazi akakwera boti kulowera ku mabango?"

"Ndimangoganiza za timizere tija," anatero Nasiru, maso ali pansi. "Za anthu sindinaganize."

Dailesi anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Asisi, ameneyu mutengeni. Mwamuna wopusa chonchi sangathe kunama."

* * *

Che Ayuba anamvetsera nkhani yonse atakhala pa mpando wawo wa ndalema. Foniyo anaitembenuza uku ndi uku, naiika kukhutu, naigwedeza.

"Za mayiwa ndamva, ndipo ndapepesa mumtima," anatero. "Koma kanthu aka kamadya chiyani?"

"Moto wa batire ya galimoto, amjomba. Ndili nayo ku chimbowera, ija ndinkamverera wailesi."

"Nanga wokuimbirayo aimbira pati? Kuno mwati sikagwira."

"Pa Govala, pa golosale ya a Lyson, pali lamya ya waya. Pa njinga munthu amafika tiyi asanazizire."

"Hm." Che Ayuba anabweza foniyo. "Zinthu za magetsi zimagwira bwino pamaso pa wogulitsa. Ine ndikufuna ndikamve ndi khutu langali, nditakhala pa bango lomwelo."

Mayi a Falida anatuluka m'nyumba mothamanga. "Achimwene, inu? M'boti?"

Mudzi wonse unkadziwa kuti Che Ayuba ndi madzi n'zosiyana. Ankakonda kunena kuti madzi a munthu ndi ofika mu akakolo, a mpunga, opitirira apo ndi a mwini wake Mulungu.

"Ndipita mawa," anatero. "Falida akaimbe swala ya masana ikatha. Kakalira, a kwanu abwere tidzakambe za ndowa, ukwati wanu. Kakapanda kulira, mwana wanga, usadzandivutenso."

* * *

Dailesi asanabwerere ku Zomba anamulembera Falida nambala m'chikhato ndi cholembera. Usiku Falida anagona dzanjalo atalifumbata, ndipo m'mawa anasamba ndi dzanja limodzi.

Pa golosale ya a Lyson, lamya inali pa kauntala, pakati pa botolo la maswiti ndi sikelo. Falida anali asanaigwirepo chibadwire. Anthu a ku mzikiti wa pafupi atayamba kutuluka, a Lyson anamupukusira nambala n'kumupatsa chomverera.

Munamveka mawu a mkazi wolankhula Chingelezi, ozizira ngati madzi a m'mtsuko.

"Akuti munthuyo sakupezeka," anamasulira a Lyson. "Tiyesenso."

Anayesanso. Mkazi yemwe uja.

Panja panaima njinga yamoto. Analowa Pearson, ndipo kumbuyo kwake kunali mayi wina wopaka milomo, amene Falida ankamuona pa bala ya pa doko.

"Abiti! Ndamva kuti lero kuli mayeso. Wakhoza mnyamata?"

Falida anamufulatira.

"Ndinamuuza ine kuti atenge yanga, ya mabwana. Iye n'kukatola ya makhadi, ya ana asukulu. Kapena mwalakwitsa nambala? Tione." Asanazindikire, Pearson anali atamugwira dzanja n'kulitambasula. Milomo yake inkagwedera pamene ankawerenga.

"Ndisiyeni!" Falida anachotsa dzanja mwamphamvu.

"Bambo, m'sitolo mwanga mwana wa eni sagwidwa," anatero a Lyson. "Ngati mukufuna fanta, nenani." Kenaka anatembenukira kwa Falida. "Mayi, pumani kaye. Mwina mphepo yawachedwetsa."

Falida anatsamira kauntala. Anaganiza za njinga ya Nasiru ndi wailesi yake zili m'sitolo ya eni. Anaganiza za Lachisanu. Ananong'ona Bisimila, nauza a Lyson kuti apukusenso.

Poyamba kunali chete. Kenaka kunamveka kulira kwapatali, kukudukiza. Kunaliranso. Ndiyeno kunamveka phokoso ngati munthu akulimbana ndi nkhuku.

"Salamu aleikumu! Ndani ali m'katimo?"

Mawuwo anatuluka mwamphamvu mwakuti a Lyson anabwerera m'mbuyo.

"Waleikumu salamu, amjomba! Ndine Falida!"

"Falida! Ukundimva?"

"Ndikukumvani! Musakuwe!"

"Ndisakuwe bwanji uli ku Govala?"

Falida anaseka, misozi ikutsika yokha. "Ndaimba kawiri osayankha. Ndimayesa basi zatha."

"Vuto ndine. Ndinakakulunga m'pepala la shuga n'kukaika m'thumba la jekete, ndakhala m'kati mwa msasa. Ndimaopa kanyowa. Mnzakoyu wachita kundigwadira kuti ndikatulutse. Wakamangirira ku nsungwi, kuloza ku phiri. Sikanachedwe, kayamba kulira ngati chule. Ndatsala pang'ono kugwera m'madzi!"

Kenaka mawu a Che Ayuba anatsika. Falida ankamva mphepo ikuwomba m'mabango.

"Mwana wanga, pansi pano pakugwedezeka ngati mphasa ya pa madzi. Kulikonse ndi bango lokhalokha. Ndimamuimba mlandu Mussa mumtima kuti bwanji sanamve. Akanamva bwanji kuno?" Anakhosomola. "Kanthu aka kakanabwera kale, bwenzi atanyamula nawo jeneza la maliro a bambo ake."

"Inde, amjomba."

"Pita ukawauze mayi ako. A kwawo kwa Nasiru abwere Loweruka. Tsopano ndizimitsa bwanji? Iwe Nasiru, kazimitse, kakudya moto!"

Falida anabweza chomverera ndi manja awiri, ngati akuika dzira. Anathokoza a Lyson, natuluka osamuyang'ana Pearson. Ali pakhomo anamva Pearson akunena kuti, "A Lyson, tibwerekeni lamyayo. Mayiwa akufuna kuimbira abale awo." Sanalabadire. Mumsewu wonse wa fumbi wobwerera kwawo, miyendo yake inali yopepuka ngati ya mwana wa mbuzi.

* * *

Dzuwa litapendeka, Falida ndi mayi ake anali pa doko. Mayiwo anali atalulutira kale kunyumba mpaka anansi kutuluka, ndipo amayi a matemba aja, amene dzana ankamuyang'ana cham'mbali, lero ankamuitana kuti "akwati" n'kumamupatsa nsomba za ulere.

Boti linatulukira. Che Ayuba anali atakhala pakatikati, atagwira matabwa mbali zonse ziwiri. Atatsika anaponda nthaka kawiri ngati akuiyesa, nati, "Alihamudulila."

Koma sanamwetulire. Ndipo Nasiru, amene Falida ankayembekeza kuti adumpha m'boti ngati mwana, anatsika pang'onopang'ono, nkhope itachita phulusa.

"Achimwene, kwagwanji?" anafunsa mayi a Falida. "Si kanalira?"

"Kanalira, chemwali. Mawu anga sindinabweze. Kanthuka n'koona." Che Ayuba anatulutsa foni ija m'jekete. "Koma titangomasula boti kuti tizibwerera, Nasiru asanakazimitse, kanaliranso. Ine ndimayesa ndi Falida waiwala mawu, ndiye ndinayankha. Anali mkazi wina, akulira. Akuti, ndipatseni bambo a Aisha. Akuti muwauze Che Nasiru kuti mwana wawo watentha thupi, ndipo sopo watha."

"Amjomba, ndalumbira kale m'boti, ndilumbiranso pano," anatero Nasiru. "Ine mwana ndilibe. Aisha sindimudziwa."

"Unandiuza wekha kuti nambalayi sunapatse munthu wina koma Falida. Tsono mkaziyo waitenga kuti? Loweruka a kwanu abwere ndithu, koma abwere ndi yankho limenelo."

Nasiru anayang'ana Falida ngati munthu amene akumira. Koma Falida sanali kumuyang'ana iye. Anali atatambasula chikhato chake. Manambala aja anali akadalipo, atafufutika pang'ono ndi thukuta. Anakumbukira milomo ya Pearson ikugwedera powerenga, ndi mayi wopaka milomo uja ataima pafupi ndi lamya ya a Lyson.

Mtima wake sunagunde ndi nsanje ngati dzana. Anafumbata dzanjalo, namanga chitenje chake molimba.

"Amjomba, amake Aisha ndikuwadziwa," anatero. "Ndipo ndikudziwa amene anawalipirira foni."

Cha kumtunda, jenereta ya kanyumba ka kanema inali itayamba kulira, ndipo Pearson anali ataima pakhomo akupukuta foni yake ndi mpango. Falida analunjika komweko.